Opanga makompyuta akulimbirana msika wa matabuleti a m'maofesi: kodi wogula atsate ndani?

Mayi wa Zogula, Lilongwe

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Bungwe limene ndimagwirako ntchito likufuna kugula matabuleti 40, ndipo 32 mwa amenewa ndi a alangizi amene amayendera magulu a alimi kumidzi, pamene 8 otsalawo ndi a akuluakulu a ku likulu. Titaitanitsa makotesheni, ogulitsa atatu anabwera ndi zinthu zitatu zosiyana kotheratu. Woyamba akuti tigule iPad, wachiwiri akuti Samsung Galaxy Tab Active, ndipo wachitatu akutiumiriza kuti titenge ya Windows imene kiyibodi yake imachotsedwa, ya Lenovo kapena ya Dell. Aliyense akulumbira kuti yakeyo ndiyo yopangidwira makampani, ndipo za anzakewo ndi zoseweretsa ana. Ndikupempha kuti mundithandize pa mafunso awiri. Kodi mawu akuti tabuleti ya makampani ali ndi tanthauzo lenileni, kapena ndi njira yokwezera mtengo chabe? Nanga n'chifukwa chiyani HP ndi Dell, amene laputopu iliyonse mu ofesi yathu ndi yawo, satchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za matabuleti?

Mkulu wa IT, Blantyre

Mayi, funso lanu lachiwiri ndi limene landidzutsa, chifukwa mpikisano umenewu ndinauona ukuyamba ndili pa desiki. Ambiri amaganiza kuti tabuleti inayamba ndi Apple, koma opanga makompyuta a m'maofesi ndi amene anatsogola. Microsoft inatulutsa Windows XP Tablet PC Edition mu Novembala 2002, ndipo Compaq, Fujitsu, Toshiba ndi Acer anapanga makina amene munthu ankalembapo ndi cholembera chapadera. Mu 2005, chaka chimene Lenovo inamaliza kugula nthambi ya makompyuta ya IBM, kunatulukanso ThinkPad X41 Tablet. Makina amenewa anali olemera ndi odula, batire lake silinkachedwa kutha, choncho ankagulidwa ndi zipatala, makampani a inshuwalansi ndi ena ochepa amene antchito awo amalemba mafomu ataimirira. Kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu opanga makompyuta anakhazikika pa maganizo akuti tabuleti ndi kamsika kakang'ono ka pambali.

Ndiye mu Epulo 2010 iPad inafika m'masitolo a ku America pa mtengo woyambira madola 499. Chimene chinasokoneza HP, Dell ndi anzawo si makinawo okha ayi, koma khomo limene analowera. Iwo anazolowera kuti kompyuta ya mu ofesi imasankhidwa ndi ife a IT pamodzi ndi inu a zogula, ndipo wogwira ntchito amangolandira chimene wapatsidwa. iPad sinagogode pa khomo lathu. Ndimakumbukira Lolemba lina m'mawa bwana wamkulu wa kampani imene ndinkagwirako atabwera kuchokera ku msonkhano wa kunja, anaiika pa desiki langa pamwamba pa mafomu a tona ya printa, n'kunena kuti pofika nthawi ya nkhomaliro maimelo ake akhale akulowa m'menemo. Malamulo athu a nthawi imeneyo ankaletsa kulumikiza chipangizo cha munthu pa netiweki ya kampani, ndipo amene anasaina malamulowo anali bwana yemweyo. Pofika 11 koloko maimelo anali akulowa. Zimenezi zinachitika m'makampani ambirimbiri pa dziko lonse, ndipo opanga makompyuta anadzidzimuka ataona kuti wosankha makina salinso munthu amene iwo ankamudziwa ndi kumuitanira ku masemina.

Yankho loyamba la HP linali Slate 500, imene inatuluka mu Okutobala 2010 pa madola 799 ndipo inkayendera Windows 7. Pa pepala inali ndi zonse zimene ine ndikanafuna, chifukwa inkalowa pa netiweki ya kampani monga laputopu ina iliyonse. Vuto linali lakuti Windows 7 inapangidwira mausi, ndipo timabatani take tinali tating'ono kuposa nsonga ya chala.

Wa ku Joni

Bambo, mwafotokoza bwino, koma ndikuona ngati mwawachitira chifundo anzanu akalewa. Chaka cha 2011 sichinali cha kudzidzimuka kokha, chinali cha manyazi. HP inagula Palm mu 2010 pa madola pafupifupi 1.2 biliyoni pofuna webOS, pulogalamu yake yoyendetsera mafoni ndi matabuleti, inatulutsa TouchPad pa 1 Julayi 2011, ndipo pa 18 Ogasiti chaka chomwecho inalengeza kuti yaisiya. Makina amene anakhala pa msika masabata asanu ndi awiri okha anamaliza ndi kugulitsidwa pa madola 99 kuti mashelefu apepuke, ndipo mwezi wotsatira mkulu wa kampaniyo, Léo Apotheker, anachotsedwa n'kulowedwa m'malo ndi Meg Whitman. Kampani imodzi inayesa Windows, webOS, kenako Android m'zaka zochepa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Research In Motion, eni ake a BlackBerry, ndi amene anandidabwitsa koposa. Mbiri yawo yonse inamangidwa pa imelo yotetezeka ya mabwana, koma PlayBook imene anatulutsa mu Epulo 2011 inalibe pulogalamu yakeyake ya imelo. Munthu ankafunika kuilumikiza ndi foni ya BlackBerry kuti awerenge makalata a ku ntchito, ndipo imelo inadzabwera mu Febuluwale 2012, kampani italengeza kale kuti yataya madola 485 miliyoni pa matabuleti osagulidwa. Cisco nayo inabwera ndi Cius, ya Android ya mainchesi 7, imene sinkagulitsidwa m'sitolo konse koma kudzera mwa ogulitsa katundu wa makampani, ndipo mu Meyi 2012 inaisiya, ponena kuti antchito akubwera ndi zipangizo zawo. Onsewa analemba mawu akuti zamakampani pa bokosi, koma anaiwala kuti munthu wa mu ofesi madzulo amabwerera kunyumba, ndipo amadziwa kusiyanitsa makina okoma kugwiritsa ntchito ndi makina ovuta.

Mkulu wa IT, Blantyre

Achimwene, sindikutsutsani pa zimenezo, ndipo ndiwonjezerapo chimene chinawapweteka kwambiri. Opanga makompyuta anali kudikira Windows 8 monga mlimi adikirira mvula yoyamba, pokhulupirira kuti ikadzafika iwo adzabwezera. Mu Juni 2012, Microsoft, imene kwa zaka makumi atatu inkapanga mapulogalamu n'kusiyira anzake kupanga makompyuta, inaonetsa tabuleti yakeyake yotchedwa Surface. Mnzako amene umagula kwa iye ufa akatsegula malo ophikira mandasi pafupi ndi ako, ubale sukhalanso chimodzimodzi. Mkulu wa Acer wa nthawi imeneyo, J.T. Wang, analankhula poyera kuti Microsoft iganizenso kawiri.

Koma Microsoft nayo inapunthwa. Surface yoyamba, ya mu Okutobala 2012, inkayendera Windows RT, imene inkaoneka ngati Windows koma sinkatha kutsegula mapulogalamu akale a Windows, sinkalowa mu domain ya kampani (dongosolo limene a IT amayang'anira nalo makompyuta onse a mu ofesi), ndipo poyamba inalibe Outlook, pulogalamu ya imelo. Pa zinthu zitatu zimene ofesi imafunira Windows, inalibe ngakhale chimodzi. Mu Julayi 2013 Microsoft inavomera kuti yataya madola pafupifupi 900 miliyoni pa makina amenewa. Windows 8 yeniyeni inali ndi nkhope ziwiri, ina ya timatailosi togwira ndi chala ndi ina ya desikitopu yakale, ndipo wogwiritsa ntchito ankangoponyedwa uku ndi uku. Mapanga awiri avumbwitsa. Makampani ambiri anaijomba n'kukhalabe pa Windows 7. N'zachisoni, chifukwa makina ena a nthawi imeneyo anaganiziridwa bwino: Dell Latitude 10 inali ndi batire lochotseka, HP ElitePad 900 inkavekedwa majekete owonjezera batire ndi mapoti, ndipo Lenovo ThinkPad Tablet 2 inali ndi cholembera chokhala m'kathumba kake.

Wowerengera Ndalama, Chipata

Ndiloleni ndilowepo ndi diso la mabuku a ndalama, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali imene akatswiri a makina saikonda. Apple imapanga yokha makina, pulogalamu yoyendetsera makinawo ndi pulani ya purosesa yake, kenako imadyanso pa mapulogalamu ogulitsidwa mu App Store. Wopanga tabuleti ya Windows amalipira Microsoft, amalipira Intel, ndipo chotsala ndicho phindu lake. Wopanga ya Android salipira laisensi yotero, koma amapikisana ndi mafakitale ambirimbiri a ku Shenzhen amene amapanga zofanana pa mtengo wotsika. Intel itaona kuti matabuleti ambiri akugwiritsa ntchito mapurosesa a ARM, inayamba kuwonjezera ndalama kwa opanga makina kuti atenge mapurosesa ake a Atom, ndipo inadziikira cholinga cha matabuleti 40 miliyoni mu 2014. Cholingacho inachikwaniritsa, koma nthambi yake ya zipangizo za m'manja inataya madola opitirira 4 biliyoni chaka chimenecho, ndipo mu 2016 inasiya mapurosesa angapo amene inkakonzera msika umenewu. Chaka chomwecho Dell inaleka kugulitsa matabuleti ake a Android otchedwa Venue.

Choncho, Mayi, pamene mukufunsa chifukwa chimene HP ndi Dell sakumveka, mbali ina ya yankho ndi yakuti iwo anawerengera n'kupeza kuti tabuleti wamba ilibe phindu. Anathamangira ku makampani chifukwa kumeneko wogula salipira makina okha, amalipiranso waranti ya zaka zitatu, madoko olumikizira, ndi mgwirizano wokonza zikawonongeka.

Mayi wa Zogula, Lilongwe

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndaphunzira zambiri. Koma ndikamawerenga zimene mwalembazi, zikuoneka ngati Apple inapambana ndipo ena onse anagwa. Ngati zili choncho, kodi ndingolembera komiti yathu kuti titenge iPad zonse 40 nkhani ithe?

Mayi wa ku Leeds

Achemwali, musafulumire. Ine ndimagwira ntchito yoyang'anira zipangizo za antchito m'bungwe lina la zaumoyo kuno, ndipo ndinganene kuti Apple inapambana mbali yaikulu, koma sinapambane ndi kukongola kokha. Inazindikira kuti kulowa kudzera kwa bwana kumakufikitsa pa matabuleti khumi, pamene kugulitsa zikwi kumafuna kuti a IT akhutire. Mu Julayi 2014 inagwirizana ndi IBM, kampani imene kale inali mdani wake wamkulu, kuti apangire limodzi mapulogalamu a mabanki, a ndege, a masitolo ndi ena. Inatsatiza mgwirizano ndi Cisco mu 2015, kenako SAP ndi Deloitte mu 2016. Mu Novembala 2015 inatulutsa iPad Pro yokhala ndi kiyibodi ndi cholembera, zinthu zimene Surface Pro inali nazo kale, ndiye mutha kuona kuti wina aliyense ankakopera mnzake.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino mpikisanowu ndi cha oyendetsa ndege. Kale woyendetsa aliyense ankanyamula chikwama cha mabuku ndi mamapu cholemera makilogalamu pafupifupi 17. Mu 2011 Alaska Airlines inayamba kuika mabukuwo pa iPad, ndipo United Airlines inalengeza kuti igawa iPad 11,000. Microsoft inabwezera mu 2013 pamene Delta Air Lines inasankha Surface 2 kwa oyendetsa ake, ndipo nkhaniyo inalengezedwa monga chipambano chachikulu. Patapita zaka zochepa Delta inasamukira ku iPad. Kampani yaikulu chotero imasintha chifukwa cha mapulogalamu amene antchito ake akufuna ndi kumene opanga mapulogalamuwo akuika mphamvu zawo.

Tsopano ndiyankhe funso lanu loyamba. Inde, mawu akuti tabuleti ya makampani ali ndi tanthauzo, koma tanthauzolo silioneka pa bokosi. Limatanthauza kuti tabuleti ikangoyatsidwa koyamba imadzilembetsa yokha ku bungwe lanu, imatsitsa mapulogalamu amene mwasankha, imakana ena onse, ndipo ikabedwa mutha kuikiya kapena kufufuta zonse muli pa desiki lanu. Pa ntchito imeneyi Apple inakhazikitsa Apple Business Manager, Samsung ili ndi Knox imene inayamba mu 2013, Google ili ndi Android Enterprise, ndipo Microsoft ili ndi Autopilot ndi Intune. Nkhondo yeniyeni inasamukira kumeneko, ndipo n'chifukwa chake VMware inagula AirWatch mu 2014 pa madola opitirira 1.5 biliyoni, ndipo BlackBerry inagula Good Technology mu 2015, onse awiri ogulidwawo ali opanga mapulogalamu oyang'anira zipangizo za antchito. Funsani wogulitsa aliyense ngati ali ndi chilolezo cholembetsa makina anu mu dongosolo limeneli, komanso ngati dongosololo likugwira ntchito kwa bungwe la m'dziko lanu. Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti akukugulitsani tabuleti ya m'sitolo pa mtengo wa kampani.

Wokonza Zipangizo, Limbe

Ndawerenga zonse mwaulemu, koma mabwana anga mukukamba za ndege pamene alangizi a Mayi akuyenda pa njinga yamoto. Ine ndimaona matabuleti akafika kumapeto kwa ulendo wawo. Mwezi wathawu bungwe lina linandibweretsera katoni ya matabuleti 14 amene anagwira ntchito kumudzi chaka chimodzi ndi theka. Asanu anali ndi batire lotupa mpaka sikirini inanyamuka m'mphepete ngati chivundikiro cha poto wowira, chifukwa ankasiyidwa m'chikwama chakuda pa dzuwa la mu Okutobala, kenako n'kutchajidwa pa batire la galimoto ku msika. Anayi anali ndi polowetsa chaja podzaza fumbi lofiira limene linaumbika ngati dothi, ndipo mwini wake pokankha waya mwamphamvu anathyola timano ta m'kati. Otsalawo anali osweka sikirini. Kuti ndisinthe batire la tabuleti yomatidwa ndi guluu, ndimayamba ndatenthetsa m'mbali mwake, n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala pang'onopang'ono, ndipo dzanja likangoterereka sikirini imene inali yabwino imang'aluka. Batire lenilenilo ndiyenera kuitanitsa kunja ndi kudikira masabata angapo.

Ndiye ine ndikamva kuti tabuleti ili ndi chivundikiro chakumbuyo chotsegula ndi chikhadabo, ndipo batire limachoka monga mwa mafoni akale, ndimaona kuti wopangayo anaganizirapo za munthu wa kumudzi. Funsaninso za waranti. Pepala likhoza kunena zaka zitatu, koma ngati makina owonongeka ayenera kutumizidwa ku Johannesburg kapena ku Nairobi, mlangizi wanu abwerera ku kope ndi bolopeni kwa miyezi iwiri.

Wa ku Joni

Achimwene a ku Limbe akhudza gawo la msika limene silituluka m'nyuzi koma lili ndi ndalama zambiri. M'nyumba zosungira katundu zimene ndimagwirako ntchito, simudzaona iPad pa foloko yonyamulira mapaleti. Mudzaona Zebra, Getac, Panasonic kapena Samsung yolimba. Panasonic inayamba Toughbook mu 1996, ndipo matabuleti atatchuka inatulutsa Toughpad. Zebra inagula nthambi ya zipangizo za makampani ya Motorola Solutions mu 2014, kenako mu 2018 inagula Xplore, imene nayo inali itagula Motion Computing, mmodzi wa opanga matabuleti a Windows oyambirira aja amene Bambo a ku Blantyre anawatchula nyengo yawo. Dell nayo inalowa m'gawo lomweli ndi Latitude Rugged. Kuno wogula safunsa kupyapyala kwa makina. Amafunsa ngati sikirini imawerengeka pa dzuwa, ngati imamva chala chovala magolovesi, ngati ili ndi chowerengera ma barcode, ndiponso ngati mtundu womwewo udzapezekabe patapita zaka zinayi kuti asagule mabulaketi ndi machaja atsopano.

Samsung inachenjera polowa pakati. Galaxy Tab Active yoyamba inatuluka mu 2014, yolimba kuposa tabuleti wamba koma yotsika mtengo kuposa Toughbook. Kuyambira pa Active3 imatha kugwira ntchito batire litachotsedwa, ikungolandira moto wa galimoto, ndipo zimenezi zimathetsa vuto la batire lotupa kwa makina okhala pa dashibodi tsiku lonse.

Mkulu wa IT, Blantyre

Ndibwerere pang'ono, chifukwa sindikufuna kuti gulu lichoke ndi maganizo akuti opanga makompyuta anagonja. Iwo analephera kupanga iPad yawo, koma anakokera tabuleti ku bwalo limene amalidziwa, ndiko kunena kuti anaisandutsa laputopu. Surface Pro 3 ya mu 2014, ya mainchesi 12, ndi imene inaonetsa njira, ndipo inalengezedwa monga tabuleti yotha kulowa m'malo mwa laputopu. HP inatsatira ndi Elite x2, Lenovo ndi ThinkPad X1 Tablet kenako X12 Detachable, Dell ndi ma Latitude ochotseka kiyibodi. Chodabwitsa n'chakuti mu Seputembala 2015 Dell inavomera kugulitsa Surface Pro kwa makasitomala ake a makampani, ndipo HP nayo inalowa mu dongosolo lomwelo. Anaona kuti kuli bwino kudya pa waranti ndi chithandizo cha makina a mnzako kusiyana ndi kutaya kasitomala yense.

Mphamvu yawo ndi mapulogalamu akale. Kampani iliyonse ili ndi pulogalamu ya malipiro kapena ya masitoko imene inalembedwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo, imayenda pa Windows pokha, ndipo amene anailemba anapuma ntchito. Kulinso mafayilo a Excel odzaza ma macro (timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa fayilo) amene dipatimenti ya zachuma imawasunga ngati mbewu. Pa iPad zimenezi siziyenda. Chenjezo langa ndi limodzi: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho wogulitsa asakubweretsereni mtundu wakale umene wakhalitsa m'sitolo ndipo sungalandire Windows 11. Ngati akukupatsani yatsopano ya purosesa ya Snapdragon, yesanipo kaye mapulogalamu anu akalewo ndi ma driver a printa musanasaine.

Wa Kafukufuku, Zomba

Pepani kuti ndalowa mochedwa. Mayi, palibe amene wakufunsani funso limene ndikuona kuti likanayenera kukhala loyamba: kodi alangizi anu adzalemba mafomu awo ndi pulogalamu iti? Mabungwe ambiri kuno amagwiritsa ntchito KoboCollect kapena ODK Collect, ndipo mapulogalamu awiriwa ndi a Android. Pa iPad kapena pa Windows mafomuwo amatsegulidwa kudzera pa browser, zimene zimatheka, koma si njira imene ine ndingapatse munthu wokagwira ntchito sabata yathunthu kumalo kopanda netiweki. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, amene anali woyamba m'dziko muno kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, anasonyeza kuti makina otere amatha kufika mudzi uliwonse. Kenya pa kalembera wake wa mu 2019 inafika polumikizira matabuleti m'dziko momwemo, ku mayunivesite a Jomo Kenyatta ndi Moi. Maoda aakulu chotere a maboma ndi mabungwe ndi msika wa makampani nawonso, ngakhale kuti olemba nkhani za Apple ndi Microsoft sauwerengera, ndipo Lenovo, imene mosiyana ndi Dell sinasiye Android, imapikisanamo mwamphamvu ndi Samsung.

Muonetsetsenso kuti tabuleti ili ndi polowetsa SIM ndiponso GPS yeniyeni. Pa iPad, mitundu ya Wi-Fi yokha ilibe GPS, ndipo mlangizi woyeza munda wa mlimi sangagwire ntchito popanda chimenecho. Ngati wina angakubweretsereni Huawei, kumbukirani kuti chiyambire ziletso za America za mu 2019, mitundu yake yatsopano imabwera yopanda mapulogalamu a Google.

Wowerengera Ndalama, Chipata

Mfundo ya a ku Zomba yathetsa nkhani ya matabuleti 32. Otsala ndi 8 a akuluakulu, ndipo pamenepa ndilankhula monga munthu amene amawerenga katundu wa bungwe kumapeto kwa chaka. Kawiri konse ndapitapo kukafufuza tabuleti ya bwana n'kuuzidwa kuti ili kunyumba, ndipo itabwera inali ndi zomata za katuni kumbuyo ndi masewera a ana odzaza sikirini. Munthu amene ali kale ndi laputopu ndi foni yamakono kawirikawiri safuna chipangizo chachitatu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malonda a matabuleti pa dziko lonse, atafika pachimake cha m'ma 2014, anatsika kwa zaka zingapo zotsatizana. Ngati malaputopu a akuluakulu anu atsala pang'ono kusinthidwa, agulireni ya Windows yochotseka kiyibodi kuti chikhale chipangizo chimodzi m'malo mwa ziwiri. Ngati malaputopu akadali abwino, ndalamazo mugulire matabuleti anayi osungira ndi mabatire owonjezera a alangizi. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu yense ameneyu amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho chosungira chimene simugula lero mudzachigula pa mtengo wina.

Mayi wa ku Leeds

Bambo a ku Chipata, pa za ana ndi katuni ndikuvomerezani, koma ndili ndi nkhawa pa kusakaniza mitundu. Mtundu uliwonse umene mwawonjezera ndi katundu pa mutu wa munthu wa IT, amene m'bungwe la kukula kotere mwina ndi mmodzi yekha. Android ili ndi malamulo ake, Windows ake, ndipo mukawonjezera iPad chifukwa bwana wina waumirira, ndiye kuti mitundu yakwana itatu, machaja ndi makava atatu, ndi ogulitsa atatu oti muziwathamangira. Ogulitsa a Dell, HP ndi Lenovo amaidziwa bwino mfundo imeneyi, ndipo ndiyo nyambo yawo yaikulu: tengani zonse kwa ife, laputopu, tabuleti, sikirini ndi doko, nambala yoimbira ikhale imodzi. Sindikunena kuti Mayi amvere nyamboyo, koma mtengo wa kusakaniza ulembedwe mu lipoti la komiti, kuti asadzadabwe chaka chamawa wa IT akadzapempha womuthandiza. Ngati bungwe lili kale ndi malaisensi a Microsoft 365 okhala ndi Intune, mitundu yonseyi itha kuyang'aniridwa pa malo amodzi, ndipo katunduyo amapepukako.

Mkulu wa IT, Blantyre

Mayi a ku Leeds anena zoona, koma Windows ya akuluakulu si mtundu watsopano mu ofesi imene malaputopu onse ndi a Windows kale. Chatsopano ndi Android yokha, ndipo imeneyo njosapeweka. Chimene ndingakane ndi iPad zisanu ndi zitatu zogulidwa chifukwa cha ulemu. Komabe ndikudziwa, monga ndinafotokozera poyamba paja, kuti bwana akaifuna, pofika nkhomaliro imakhala ili pa netiweki.

Mayi wa Zogula, Lilongwe

Ndathokoza nonse. Ndafunsa mnyamata wathu wa IT ndipo watsimikiza kuti alangizi amagwiritsa ntchito KoboCollect, komanso kuti malaisensi athu ali ndi Intune imene sitinaigwiritsepo ntchito. Ndilembera komiti kuti tenda igawidwe pawiri. Gawo loyamba likhala la matabuleti a Android 36, anayi akhale osungira, ndipo m'malo motchula dzina la kampani ndilemba zofunika: batire lochotseka, SIM, GPS, kupirira fumbi ndi madzi, zaka zimene wopanga walonjeza kutumiza zokonza za chitetezo, ndi malo okonzera a m'dziko muno. Gawo lachiwiri ndiliimika kaye mpaka tione zaka za malaputopu a akuluakulu, ngakhale ndikudziwa kuti pa mfundo imeneyi msonkhano wa Lachinayi utentha. Ndapemphanso ogulitsa awiri kuti atibwereke tabuleti imodzi aliyense kwa masabata awiri, kuti mlangizi wa ku Mchinji ndi wa ku Salima akaziyese pa ntchito yeniyeni. Mmodzi wavomera, winayo akuti afunse kaye ku likulu lawo. Achimwene a ku Limbe, zikabwerako ndiyang'ane chiyani?

Wokonza Zipangizo, Limbe

Mayi, musazipukute zikafika. Walitsani tochi polowetsa chaja muone fumbi limene lalowa, tsegulani kumbuyo muone ngati mphira wotchinga madzi wakhalabe m'malo mwake, ndipo funsani mlangiziyo kuti batire linkatha nthawi yanji pa tsiku limene anayatsa GPS kuyambira m'mawa. Mufunseninso ngati ankatha kuwerenga fomu ataima pakati pa munda masana, kapena ankathawira pansi pa mtengo wa mango. Kenako muuze wogulitsayo akupatseni mtengo wa sikirini imodzi ndi batire limodzi polemba, pamodzi ndi masiku amene zimatenga kuti zifike ku Lilongwe.